Ntchito yanditopetsa, ndisiye kapena ndipirire?

Mwati mukumadzuka muli otopa kale ndipo ntchito simukuifunanso, ndiye mukufunsa ngati mungosiya. Pepani kwambiri, koma musapupulume.

Choyamba dziwani kuti si ulesi ayi. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO mu 2019 linafotokoza kuti kutopa kotereku kumabwera chifukwa cha stress ya kuntchito yomwe yakhalitsa osathetsedwa, munthu mphamvu zimatheratu, mtima umachoka pa ntchito, n'kumaona ngati palibe chomwe ukukwanitsa.

Ndiye kwa masabata awiri muzilemba chomwe chakutopetsani tsiku lililonse, kaya ndi abwana, kuchuluka kwa zochita, malipiro kapena ntchitoyo simuikonda basi, apa ndi pomwe pagona nkhani chifukwa mutha kusiya n'kukapezanso zomwezo kwinako. Kenako kambiranani ndi abwana, pemphani tchuthi kapena akuchepetsereni zochita, mukaweruka foni ya kuntchito muzithimitsa. Ngati tulo sitikubwera kapena mukumangolira, chonde kaonaneni ndi dokotala osadikira.

Mukabwerako kutchuthi zinthu zili chimodzimodzi, yambani kufunsira kwina mudakali pantchito, onani pa kontrakiti kuti notisi ndi ya masiku angati, ndipo kalata yosiyira mupereke pokhapokha kwinako akulemberani kuti akutengani.