Sosaiti ya maliro iziyang'aniranso amoyo: kakhazikitsidwe ka gulu la umoyo wa abambo ndi anyamata mu Harare

Ku Mbare, Highfield, Mufakose, Mabvuku, Dzivarasekwa ndi Epworth, abambo olankhula Chichewa sasowa pokumanira. Alipo masosaiti a maliro amene makolo athu anayambitsa atabwera kudzagwira ntchito kuno, lilipo bawo la pansi pa mtengo, mpira wa Lamulungu masana, mzikiti Lachisanu ndi magulu a abambo ku mpingo. Sosaiti imadziwa mtengo wa bokosi ndi wa basi yopita ku manda a ku Mbudzi, koma mukafunsa kuti mwa mamembala ake ndi angati ali ndi BP, palibe angayankhe. Amayi amafika ku kiliniki kawirikawiri chifukwa cha sikelo ya mimba ndi ya ana, choncho matenda awo amapezeka msanga. Bambo alibe chomufikitsa kumeneko, ndipo kwa munthu wa maganyu kapena wa kombi, tsiku la pa mzere ndi tsiku logona ndi njala. Ambiri amafika ku chipatala atanyamulidwa.

Musayambitse bungwe latsopano lofuna malamulo ndi yunifolomu. Tengani msonkhano umene ulipo kale, muwonjezerepo mphindi 40 za umoyo, msonkho usanatoleredwe ndiponso mowa usanatsegulidwe.

Poyambira

Anthu 8 mpaka 15 ndi okwanira. Akapitirira pamenepo, amanyazi amangokhala duu, olankhula n'kukhala omwewomwewo. Sankhani atatu: woyeza, wosunga buku ndi woperekeza odwala. Musanagule chilichonse, atatuwa apite kwa sisita wamkulu wa pa kiliniki ya khonsolo imene muli nayo pafupi, akamuuze kumene mumakumana ndi tsiku lake, ndipo akapemphe kuti mmodzi wa alangizi a zaumoyo a m'dera abwere kudzaphunzitsa woyezayo. Ulendo umenewu ndi wofunika chifukwa gulu silipereka mankhwala. Ntchito yake ndi kupeza vuto ndi kufikitsa munthu pa khomo loyenera.

Zogula n'zochepa: makina a BP ovala pa mkono wa kumtunda, osati a pa mfundo ya dzanja, mabatire apadera, tepi ya telala ndi buku lachikuto cholimba. Makina akhale ndi malamba awiri, wa masentimita 22 mpaka 32 ndi wa 32 mpaka 42, chifukwa lamba wothina pa mkono waukulu amaonetsa manambala okwera kuposa mmene zilili. M'buku musalembe mayina. Aliyense apatsidwe nambala, ndipo zotsatira za munthu zisaponyedwe pa gulu la WhatsApp ngakhale mwanthabwala. Chinsinsi chikangoululika kamodzi, mwezi wotsatira mipando idzakhala yopanda anthu.

Kuyeza BP molondola

Apa ndi pamene magulu ambiri amalakwitsa. Woyezedwa asasute fodya, asamwe khofi kapena zakumwa zopatsa mphamvu kwa mphindi 30, ndipo akataye madzi kaye. Akhale pa mpando woyedzamira kwa mphindi zisanu, mapazi onse pansi, miyendo yosapingasa. Mkono ugone pa tebulo molingana ndi mtima, malaya atavula mbali imeneyo, osati kukwinyira mmwamba mpaka kuthina. Lamba akhale zala ziwiri pamwamba pa chigongono. Makina akamapopa, onse akhale chete. Ngakhale kuyankha moni kumakweza manambala. Yezani kawiri, kusiyanitsa mphindi imodzi kapena ziwiri, ndipo lembani zonse pamodzi ndi deti.

Ikakhala 140/90 kapena kuposa, yezaninso tsiku lina sabata yomweyo, ndipo ikabwereza, bamboyo apite ku kiliniki ndi kapepala ka manambalawo. Ikafika 180/110, apite tsiku lomwelo. Ngati pali mutu waukulu, kupweteka pachifuwa, kubanika, kukamwa kupindika, mkono kufooka kapena lilime kulemera, musadikire kuti kuche: pezani galimoto mupite ku Parirenyatwa kapena ku Sally Mugabe, kumene ambiri amati ku Gomo. Lembani nthawi imene zizindikirozo zayamba, madokotala adzaifunsa.

BP siipweteka, n'chifukwa chake bambo akamwa mankhwala mwezi umodzi amati wachira n'kusiya. Mankhwalawa sachiza, amangoigwira. Chifukwa china chosiyira, chimene abambo sanena pagulu, ndi mantha oti mphamvu za m'chipinda zichepa. Mantha amenewa musawaseke. Mankhwala ena monga atenolol ndi HCT amatha kuchita zimenezo kwa anthu ena, amlodipine amatha kutupitsa akakolo, enalapril amabweretsa kachifuwa kouma. Zonsezi namwino akauzidwa amasintha mtundu wa mankhwala. Komanso kufooka m'chipinda nthawi zambiri ndi chenjezo loyamba la shuga kapena mitsempha yowonongeka, choncho yankho lake ndi kukayezetsa, osati timabotolo togulitsidwa m'misewu timene palibe adziwa zimene athiramo.

Mchere usapitirire magalamu 5 pa tsiku, supuni yaing'ono imodzi, kuwerengera ndi wa m'timakyubu ta supu, m'kapenta ndi wowaza pa nyama yootcha kwa Mereki. Ndi tepi ija yezani mimba pa mchombo munthu atatulutsa mpweya. Ikapitirira masentimita 94, kapena ngati bamboyo akumva ludzu losatha, akukodza usiku kangapo, akuwonda kapena ali ndi bala losapola kuphazi, akayezetse shuga m'mawa asanadye. Zotsatira za 7.0 kapena kuposa zimafuna kuonedwanso ndi achipatala.

Za mkodzo, chifuwa ndi magazi

Khansa ya prostate, kachiwalo ka abambo kamene kali pansi pa chikhodzodzo, ndiyo imapezeka kwambiri mwa abambo mu Zimbabwe. Mkodzo wotuluka mofooka, wodukizaduka, wokhala ndi magazi, kapena msana ndi chiuno zowawa kosalekeza mwa bambo wachikulire, si ukalamba chabe. Si kutupa kulikonse kwa prostate kumene kuli khansa, koma wosiyanitsa ndi dokotala. Kuyambira zaka 45, makamaka ngati bambo kapena mchimwene wake anadwalapo, munthu akafunse za kuyeza magazi kotchedwa PSA. A Cancer Association of Zimbabwe amapereka uphungu pa zimenezi. Mkodzo ukatsekeka kotheratu, mimba n'kutupa, ndi za lero lomwe.

Kutsokomola kwa masabata awiri, kutuluka thukuta usiku ndi kuwonda, munthuyo akapereke makhololo kuti ayezedwe TB. Izi zikhudze makamaka amene anagwirapo ntchito m'migodi kapena kukumba golide, chifukwa fumbi la miyala limawononga mapapo. Mankhwala a TB ndi aulere m'zipatala za boma ndi za khonsolo, ndipo amamwedwa miyezi isanu ndi umodzi osadumphitsa. Ambiri amasiya mwezi wachiwiri thupi likabwerera, ndipo m'pamene imayambira TB yosamva mankhwala. Woperekeza uja azimuimbira foni wodwalayo sabata iliyonse mpaka tsiku lomaliza.

Za HIV, bambo asamadalire zotsatira za mkazi wake za ku sikelo. Aliyense ali ndi magazi ake. Tizipangizo todziyeza wekha topaka m'nkhama timawerengedwa pakatha mphindi 20, ndipo mizere iwiri ikaoneka, akatsimikize ku kiliniki. Kuyezaku kusachitikire pa msonkhano. Aliyense atenge kake apite nako kwawo.

Kuganiza kwambiri

Anzathu a Chishona amati kufungisisa. Bambo wovutika maganizo sanena kuti ndakhumudwa. Amakwiya msanga, amamwa kuposa kale, sagona, amasiya kubwera ku bawo, amadandaula mutu ndi msana zimene Panado sakuzithetsa. Ntchito ikatha, ngongole ikakula kapena banja likasokonekera, muyang'anitsitseni. Padziko lonse abambo odzipha ndi ochuluka kuposa kawiri poyerekeza ndi amayi, ndipo mawu aja oti mwamuna salira atiikitsa anthu ambiri.

Thandizo lili pafupi, ndipo linayambira kwathu konkuno. Friendship Bench inayambitsidwa ndi Dr Dixon Chibanda ku Mbare mu 2006: agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pa benchi pa kiliniki, n'kumamvetsera munthu ndi kumuthandiza kusankha vuto limodzi loti ayambe nalo, osalipira kanthu. Njira yomweyo gulu lingaitsanzire. Musamufunse pagulu. Mmodzi amene amagwirizana naye amutengere pambali, poyenda kapena pokonza njinga, chifukwa abambo amamasuka manja akamagwira kanthu, maso osayang'anizana. Anene zimene waona: "Achimwene, masabata atatu tsopano simukuoneka ku bawo, ndipo mwatha thupi. Chikukusowetsani tulo n'chiyani?" Akatero akhale chete, ngakhale chetecho chitalike. Asathamangire kunena kuti limbani mtima kapena kuti ena ali pa mavuto oposa anu. Mavuto akatchulidwa, afunse kuti mwa onsewa ndi liti limene tingaligwire sabata ino, agwirizane chochita chimodzi, ndi tsiku loonananso.

Ngati akunena mawu ngati "mudzandisamalire ana" kapena akugawa katundu wake, funsani mosazungulira: "Kodi mukuganiza zodzipha?" Funso limeneli silimuika munthu maganizo amene analibe, ambiri amapepukidwa kuti wina wazindikira. Akavomera, asasiyidwe yekha. Mankhwala a makoswe, a mbewu, zingwe ndi mapiritsi ochuluka zichotsedwe m'nyumba, wachibale mmodzi wodalirika auzidwe, ndipo aperekezedwe tsiku lomwelo ku kiliniki kapena ku Annexe, chigawo cha matenda a maganizo cha ku Parirenyatwa. Ngati wamwa kale poizoni, musamusanzitse ndipo musamupatse mkaka kapena mafuta. Tengani botolo la chimene wamwacho muthamange nalo limodzi ku chipatala.

Chenjezo lina ndi la mowa. Munthu amene wakhala akumwa kachasu kapena timabotolo totchipa tsiku ndi tsiku asasiye mwadzidzidzi payekha. Kunjenjemera kumayamba tsiku loyamba, ndipo pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu akhoza kukomoka ngati wakhunyu kapena kuona zinthu zomwe palibe. Zimenezi zimapha, choncho kusiya kuyambire ku chipatala. Bambo amene mkwiyo wake wafika pomenya mkazi ndi ana, gulu lisamubise. A bungwe la Padare amagwira ntchito ndi abambo pa nkhani imeneyi, koma choyamba ndi chitetezo cha omenyedwawo.

Anyamata

Kale mnyamata ankalangizidwa ndi amalume ake ndi ku chinamwali, kudambwe kapena ku jando. M'tauni ambiri akukula opanda wowalangiza. Gulu lisankhe abambo awiri okhwima maganizo oti azikumana ndi anyamata a zaka 12 mpaka 19 padera, makolo akudziwa, pamalo oonekera, ndipo wamkulu asakhale yekha ndi mwana m'chipinda. Mpira ndiwo umawasonkhanitsa. Nkhani zibwere pa mphindi 15 zomaliza, akumwa madzi.

Mutoriro (mankhwala ozunguza bongo otchedwa crystal meth), umene ena amati guka kapena dombo, umadziwika ndi kusagona masiku awiri kapena atatu, kusadya, kulankhula kosalekeza, kukayikira aliyense, kenako kugona ngati wafa. Mababu a magetsi akayamba kusowa m'nyumba pamodzi ndi tindalama, dziwani kuti amasutira m'menemo. BronCleer, mankhwala a chifuwa amene ena amamwa kuti aledzere, amagonetsa ndi kulemeretsa lilime. Kumenya, kumanga ndi unyolo kapena kuthamangitsa mwana pakhomo kumangomupereka kwa ogulitsa. Lankhulani naye atatsitsimuka, osati ataledzera, ndipo mupite naye ku kiliniki. Akayambiranso, muyambirenso naye, chifukwa kubwerera m'mbuyo kumachitika kwa ambiri asanasiyiretu.

Zinthu ziwiri mnyamata aliyense azimve ndi makutu ake. Kupweteka kwadzidzidzi kwa mavalo, kobwera ndi mseru, n'kofunika opaleshoni mkati mwa maola 6, apo ayi chiwalocho chimafa. Manyazi a usiku umodzi ndi okwanira kuchitaya. Chachiwiri, anyamata nawonso amagwiriridwa. Mankhwala oteteza ku HIV amagwira ntchito akayambidwa asanathe maola 72, nambala ya Childline, bungwe lothandiza ana, ndi 116 ndipo ndi yaulere, ndipo ku polisi mufunse Victim Friendly Unit. Nkhani yotere siikambidwa pa bwalo la banja kuti ithe ndi chindapusa.

Mdulidwe wa kuchipatala umachepetsa ndi pafupifupi 60 peresenti mpata woti mwamuna atenge HIV kwa mkazi, koma suchotsa kufunika kwa kondomu, ndipo bala limafuna masabata 6 osagonana. Mabanja a jando akambirane ndi achipatala kuti kudulako kuchitidwe ndi namwino wophunzitsidwa, malangizo a mwambo n'kupitirira monga mwa nthawi zonse.

Mapepala ndi thumba

M'mabanja athu ambiri muli anyamata opanda chikalata cha kubadwa ndi madala a chitupa cholembedwa kuti ndi mlendo. Malamulo aakulu a dziko a 2013, gawo 43, amati munthu wobadwira mu Zimbabwe malamulowo asanayambe, amene kholo lake linali nzika ya dziko la m'bungwe la SADC la mayiko a kum'mwera kwa Africa, ndipo iye ankakhala kuno pa tsiku limene malamulowo anasindikizidwa, ndi nzika mwa kubadwa. Wosunga buku alembe amene alibe mapepala, ndipo aziperekezedwa awiriawiri ku ofesi ya kaundula. Izi zikukhudza umoyo mwachindunji: a zaka 65 kupita m'tsogolo sayenera kulipira khadi m'zipatala za boma, koma zaka zimatsimikizidwa ndi chitupa.

Thumba la umoyo likhale losiyana ndi la maliro. Dola imodzi pa munthu pa mwezi, kwa anthu 15, ndi madola 15: okwanira mabatire, kombi ya wodwala ndi womuperekeza, ndi khadi la ku kiliniki. Gwirizanani poyamba malire a ndalama imene munthu mmodzi angalandire, ndipo isakongozedwe pa zina. Mankhwala akasowa ku chipatala, woperekeza apite yekha ku famase ndi pepala la dokotala, agule a mwezi wathunthu, abweretse lisiti. Pa msonkhano wotsatira, musanayeze aliyense, wosunga buku awerenge manambala a amene anatumizidwa ku kiliniki mwezi watha, aliyense ayankhe kwa iye payekha ngati anapita, ndipo amene sanapite apatsidwe tsiku ndi munthu womuperekeza asanachoke pamalopo.