Momwe mungapangire eriyo yomverera masetilaiti ndi thabwa komanso ndodo za mkuwa

Tsiku limene ndinamva koyamba mawu a munthu akutsika kuchokera mumlengalenga ndinali pabwalo la mpira kufupi ndi Chitakale, dzuwa litangolowa. Kudzanja lamanja ndinagwira kathabwa kolasidwa ndodo zisanu ndi imodzi, kumanzere kawailesi kam'manja. Poyamba kunali phokoso lokhalokha, ngati mvula pamalata. Kenaka phokoso lija linangoti zii, ndipo bambo wina wa ku South Africa anatchula nambala yake yodziwikira pa wailesi, yoyamba ndi ZS, momveka bwino ngati ali kuseri kwa mpanda. Mawu akewo anakwera mpaka pa International Space Station, imene ambiri amangoti ISS, yozungulira dziko pamtunda wa makilomita pafupifupi 400, n'kubwerera kudzagwera pa kathabwa kanga.

Eriyo imeneyo ndi imene ndikufuna mupange. Ndi yamtundu wa Yagi, mbale wake wa maeriyo a TV amene tinkawakweza pa nsungwi, ndipo nzeru yake inachokera kwa Shintaro Uda ndi Hidetsugu Yagi a ku Japan mu 1926. Ubwino wake ndi woti imamva kwambiri mbali imodzi yokha, komwe mwailozetsa, monga momwe tochi imasonkhanitsira kuwala pamalo amodzi. Miyeso ndikupatseni pano ndi ya katswiri wa ku America Kent Britain, nambala yake WA5VJB, amene anaikonzera dala anthu opanda zipangizo zodula.

Langizo langa lalikulu ndi ili: yambani ndi khutu, pakamwa pabwere pambuyo. ISS ndi setilaiti ina yotchedwa SO-50 zimalandira mawu pa 145 MHz n'kuwabweza pansi pa 436 kapena 437 MHz. Ndiye eriyo yoyamba kupanga ikhale yomverera, ya 435 MHz. Ndi yaifupi, sidya ndalama zambiri, ndipo munthu amene sanaphunzire kumva setilaiti akayamba kulankhulapo amangotsekereza anzake osadziwa. Komanso kulankhula pa mafunde amenewa kumafuna laisensi yochokera ku MACRA, ndipo nambala za kuno kwathu zimayamba ndi 7Q. Musanaipeze, batani lolankhulira musalikhudze.

Zofunika kusonkhanitsa

Pitani kwa kalipentala akuchekereni thabwa louma, lowongoka, lotalika 90 cm, mbali zake 2 cm ndi 3 cm. Paini kapena bulugamu ali bwino. Wina akakutsatsani mkungudza wakuphiri, mukane ndithu. Mtengo umenewu watsala pang'ono kutheratu pa phiri la Mulanje, ndipo eriyo siimva bwino chifukwa choti thabwa lake likununkhira. Paipi yachitsulo musagwiritse ntchito m'malo mwa thabwa, chifukwa miyeso yonse ingasokonekere.

Ndodo zake zikhale zonenepa pafupifupi 3 mm. Zabwino ndi brazing rod ya 3.2 mm, imene amagulitsa m'mahadiweya ndipo anthu owotcherera amaidziwa, kapena waya wamkuwa wonenepa chimodzimodzi, wosenda. Zonse pamodzi mufunika mamita awiri ndi pang'ono. Ndodo zisanu zitha kukhala za aluminiyamu, koma imodzi yolumikiza ku wailesi ikhale ya mkuwa kapena brazing rod, chifukwa aluminiyamu sagwira mtovu.

Kebulo ndiye imapusitsa anthu ambiri. Mufunika RG-58, ya 50 ohm, yotalika mita imodzi ndi theka basi. Kebulo yoyera ya dishi ija ndi ya 75 ohm, ndipo timawaya take takunja nthawi zambiri ndi ta aluminiyamu, simungatiwotcherere. RG-58 ikasowa paboma, funsani okonza mawailesi a mauthenga ku Limbe kapena ku Blantyre. Kumapeto kwake kukhale pulagi yogwirizana ndi wailesi yanu. Ngati muli ndi kawailesi kam'manja ka Baofeng UV-5R, pulagi ya pa kebuloyo ikhale SMA female. Zotsala ndi tepi yoyezera, sowo yodulira zitsulo, tupa, pulayazi, dirilo, guluu wa epoxy, soldering iron ndi mtovu wake.

Kudula ndi kuboola

Apa m'pofunika kudekha. Mafunde a 435 MHz ndi aafupi, pafupifupi 69 cm, choncho kulakwitsa ndi theka la sentimita n'kulakwitsa kwakukulu. Dulani ndodo iliyonse motalikitsa pang'ono, muifupikitse ndi tupa mpaka ifike pa muyeso wake.

Siyani 20 cm kumbuyo kwa thabwa ngati chogwirira, mulembe chizindikiro. Pamenepo ndi pa ziro, ndipo mitunda yonse muziyeza kuchokera pamenepo, osati kuchokera pa ndodo ina kufika pa inzake, chifukwa zolakwika zimaunjikana.

Ndodo yakumbuyo, reflector: kutalika 34.0 cm, ikhale pa ziro.
Ndodo yolumikiza ku wailesi, driven element: kutalika 33.0 cm, ikhale pa 6.4 cm.
Yoyamba mwa ndodo zakutsogolo, director: 31.5 cm, pa 14.0 cm.
Yachiwiri: 30.5 cm, pa 28.6 cm.
Yachitatu: 30.5 cm, pa 44.5 cm.
Yachinayi, yakutsogolo kwenikweni: 27.9 cm, pa 61.0 cm.

Pa mbali yotakata ya thabwa, ya 3 cm ija, jambulani mzere wowongoka kuyambira kumbuyo mpaka kutsogolo, 8 mm kuchokera m'mphepete mwa pamwamba. Mabowo asanu ndi limodzi onse akhale pa mzere umenewu. Pa 6.4 cm pokha muboole bowo lachiwiri, 1.3 cm pansi pa loyamba. Dirilo iime chilili. Ikapendekeka, ndodo zimatuluka ina kuyang'ana kumwamba ina pansi ngati nyanga za mbuzi, ndipo eriyo yotere imataya mphamvu. Mukakayika dzanja lanu, mupempheni kalipentala yemweyo akuboolereni, inu mutaimirira pompo ndi tepi.

Ndodo yopinda

Mtima wa eriyo yonse ndi driven element, ndipo imasiyana ndi zinzake chifukwa ndi yopindidwa ngati chilembo cha J, kapena tinene ngati ndodo ya agogo yokhala ndi chogwirira chachitali. Dulani ndodo ya 55 cm. Yezani 33.0 cm kuchokera kunsonga imodzi, ndipo pamenepo muipinde ibwerere m'mbuyo, mwendo waufupi uyende motsatana ndi wautali, pakati pawo patalikirane 1.3 cm. Ine ndimapindira pa bawuti yomangidwa pa vayisi kuti ngodya ikhale yozungulira bwino. Mukatha kupinda yezaninso: kuchokera kunsonga yowongoka kufika kunja kwa ngodya pakhale 33.0 cm. Mwendo waufupi muudule kuti uthere pakati, ungolowa m'bowo lachiwiri lija.

Lowetsani mwendo wautali m'bowo la pamzere mpaka thabwa likhale pakati penipeni, waufupi ulowe m'bowo lapansi. Miyendo iwiriyi isakhudzane pena paliponse kupatula pa ngodya.

Tsopano kebulo. Sendani kumapeto kwake 1.5 cm yokha. Timawaya takunja tolukana tija mutipote pamodzi, mutiwotcherere pa mwendo wautali, pafupi ndi thabwa momwe mungathere, poti pamenepo ndiye pakati pa ndodo. Waya wam'kati muwotcherere pa mwendo waufupi, nawonso pafupi ndi thabwa. Michira iwiriyi ikhale yaifupi kwambiri. Pa mafunde awa, waya wolendewera wa masentimita atatu amasanduka mbali ya eriyo n'kusokoneza zonse.

Pano ndi pamene ndinataya madzulo athunthu ulendo woyamba. Ndinali ndi soldering iron yaing'ono yokonzera mafoni, ndipo ndodo yonenepa inkamwa kutentha konse. Mtovu unkangokhala pamwamba ngati dontho la madzi pa tsamba la koko, ndikakoka pang'ono n'kuthothoka. Nditakakamira, pulasitiki ya m'kati mwa kebulo inasungunuka, mawaya awiri n'kukhudzana. M'mawa mwake mkulu wina wokonza mawailesi pamsika anandionetsa njira. Anapala ndodo ndi sandipepa mpaka kuwala, anatenthetsa chitsulo chake chachikulu pa mbaula ya makala, n'kuyamba wapaka mtovu pa ndodo payokha, kenaka pa waya payekha. Atatero anangozigunditsa kamphindi, zinagwirana. Anandiuza kuti, "Achimwene, mtovu sukakamizidwa. Tenthetsani chitsulo, wokha uyenda." Chitani chimodzimodzi, ndipo ngati mungathe pakani mtovuwo ndodo isanalowe m'thabwa kuti lisapse.

Mukayeza ndi mita yoyezera magetsi pakati pa waya wam'kati ndi wakunja, idzaonetsa ngati pali shoti. Musadandaule. Ndi mmene eriyo iyi ilili, poti miyendo iwiri ija ndi ndodo imodzi. N'chifukwa chake kebulo muiyeze payokha musanaiwotcherere.

Zotsalazo n'zachangu. Lowetsani ndodo zina zisanu, iliyonse ituluke mofanana mbali zonse ziwiri, mudontheze guluu pa bowo lililonse. Kebulo iyende motsatira thabwa kupita kuchogwirira, muimange ndi tepi yakuda. Pamalo owotcherera pakani epoxy, thabwa mulipake vanishi, chifukwa chinyezi cha chiperoni chimalowa paliponse ndipo madzi akalowa mu kebulo ndiye kuti yatha. Nsonga za ndodo muzisalaze ndi tupa. Ana adzakuzungulirani, ndipo ndodozo zimakhala pa msinkhu wa maso awo. Amene angabwereke kachipangizo kotchedwa NanoVNA ayeze SWR, muyeso woonetsa ngati eriyo ikugwirizana bwino ndi kebulo, pa 436 MHz, ndipo ikakhala pansi pa 2 zili bwino.

Kupeza setilaiti kuno kunsi kwa phiri

Ikani pulogalamu ya Look4Sat kapena ISS Detector pa foni. Idzakuuzani nthawi imene setilaiti itulukire, mbali imene ichokere, pamene ikwere kwambiri ndi komwe ikalowere. Pa mapu a anthu a wailesi, paboma pa Mulanje ndi paboma pa Thyolo ponse pali m'dera la KH73, ndipo mudzamva anthu akutchula zilembo zotere polonjerana. ISS imazungulira dziko m'mphindi pafupifupi 90, koma pamwamba pathu imaoneka mphindi khumi zokha kapena kucheperapo, ndipo si ulendo uliwonse umene imadutsa kuno.

Pulogalamuyo sidziwa kuti tili ndi phiri. Imawerengera ngati dziko ndi lathyathyathya, pamene ife a paboma ndi pa Chitakale thanthwe latitsekera kumpoto chakum'mawa, ndipo nsonga ya Sapitwa imafika mamita 3,002. Mafunde awa sabowola mwala. Choncho sankhani maulendo amene setilaiti ikwere kupitirira madigiri 30, makamaka odutsa kumadzulo kapena kum'mwera. Anzathu a ku Thyolo, amene ali pa zitunda zoyang'ana kutali, apa ali ndi mwayi kutiposa. Minda ya tiyi ndi malo otseguka bwino, koma ili ndi eni ake, ndiye yambani mwapempha kwa alonda. Ndi bwinonso kuwafotokozera amfumu kapena aphunzitsi aakulu chimene mukuchita, chifukwa munthu wolozetsa ndodo kumwamba chakumadzulo amadabwitsa anthu, ndipo ukawamvetsa mawuwo ndi makutu awo amakhala anzako. Nyengo ya dzinja, kukangoyamba kugunda, tsitsani eriyo mulowe m'nyumba. Mphezi za kuphiri kuno si zoseweretsa.

ISS imatsitsa mawu pa 437.800 MHz, koma simudzaipeza pamenepo nthawi yonse. Ikamabwera mafunde ake amakwera, ikamapita amatsika, monga kulira kwa hutala ya minibasi kumasinthira ikakudutsani pamsewu. Dzina lake ndi Doppler, ndipo pa mafunde awa kusinthako kumafika 10 kHz mbali iliyonse. Sungiranitu matchanelo asanu mu wailesi: 437.810, 437.805, 437.800, 437.795 ndi 437.790. Muyambe ndi yoyamba, ndipo mawu akayamba kusasa pitani pa yotsatira. Pa SO-50, imene inaponyedwa mu 2002 ndipo pakati pake ndi 436.795 MHz, chitani chimodzimodzi kuyambira 436.805 kutsika mpaka 436.785. Iyoyo mawu ake ndi ofooka, mphamvu yake ndi kota ya watt imodzi, ndiye ndi imene idzakuuzeni ngati eriyo yanu mwaipanga bwino.

Squelch, imene imatseka phokoso pa wailesi pakakhala palibe wolankhula, muiike pa 0 kuti phokoso lizimveka nthawi yonse, ndipo valani mahedifoni. Lozetsani eriyo komwe pulogalamu yanena, muziyenda nayo pang'onopang'ono. Chimene ambiri amaiwala ndi kupotoza dzanja. Setilaiti imatembenuka ikamayenda, choncho mawu amene akumveka ndodo zitagona amatha kuzimirira, n'kubweranso mukaziimika. Dzanja lizisaka mbali zonse ziwiri, kolozera ndi kopotozera, osapuma.

Mukhoza kuima mphindi khumi osamva munthu. Musathamangire kuphwasula eriyo. Kuno kum'mwera kwa Africa olankhula pa masetilaiti ndi ochepa, ndipo ISS ndi SO-50 zimangobweza mawu pamene wina walankhula. Wailesi ya pa ISS amaizimitsanso akatswiri akamatuluka kukagwira ntchito kunja kapena chombo china chikamafika. Yesani madzulo ndi Loweruka kapena Lamulungu, pamene anthu ali pakhomo. Amene muli ndi RTL-SDR, kachipangizo kolowetsa pa kompyuta kapena pa foni, sakani RS-44 pafupi ndi 435.605 MHz. Imeneyo imaliza chizindikiro chake cha Morse payokha, imadutsa kutali kwambiri ndiye imakhalitsa, ndipo mudzaona kamzere kake kakuwala mukailoza, kakuzima mukatembenuka.

Foni ina, kapena ya mnzanu, izijambula mawu nthawi yonseyi, chifukwa manja onse awiri amakhala otanganidwa ndipo nambala zimatchulidwa mwachangu. Mukafika kunyumba mvetseraninso, mulembe m'kope tsiku, nthawi, setilaiti, pamene munaima ndi nambala zimene mwamva: ZS ndi South Africa, Z2 Zimbabwe, 9J Zambia, C9 Mozambique, 5H Tanzania. Pakatha milungu ingapo kopelo lidzakuonetsani mbali za thambo zimene phiri limakubisirani pamalo anu, ndi maola amene anthu amapezeka. Laisensi ikatuluka mudzafunika eriyo yachiwiri, ya 145 MHz, ya ndodo zotalika pafupifupi mita imodzi, yolankhulira pa 145.990 MHz ku ISS kapena 145.850 MHz ku SO-50, zonse ndi toni ya 67.0 Hz, kamawu kapansipansi kamene wailesi imatumiza limodzi ndi mawu anu kuti setilaiti iwabweze. Imene mwapangayi idzakhalabe kudzanja lanu ngati khutu.