Momwe mungalukire unyolo wa mafunso kuti kwizi ya pa gulupu isafere panjira

Kwizi zambiri zomwe zimazungulira m'magulupu a WhatsApp kuno ku Blantyre zimafa pa funso lachitatu. Wina aponya lakuti likulu la Australia ndi liti, anthu awiri ayankha Sydney, mmodzi wakuti Canberra n'kuwina, kenako kubwera funso la mafupa a munthu, kenako la mapulaneti, basi anthu ayamba kutumizirana masitika nkhani yathera pompo. Sikuti mafunsowo ndi ovuta ayi, koma sadziwana, lililonse lili palokhapalokha ndiye mutu sugwirapo kanthu. Ine njira yomwe ndimaikonda ndi ya unyolo, yoti yankho la funso ili ndi lomwe libale funso lotsatira. Zili ngati kulumikiza maminibasi, ya ku Chirimba ikakutsitsani mtauni pomwepo mukwera ya ku Limbe, simuyambiranso ulendo kunyumba. Imagwira pa gulupu, imagwira kwa achinyamata a kutchalitchi, ngakhalenso pakhonde madzulo magetsi atathima ana akukana kugona.

1. Yambirani pa chinthu choti aliyense amachidziwa

Funso loyamba likhale lofewa, loti ngakhale azakhali anu omwe salankhulalankhula pa gulupu ayankhe. Kwa ife palibe poyambira pabwino kuposa mzinda wathu womwewu. Funsani kuti dzina loti Blantyre linachokera kuti. Ambiri akudziwa kuti ndi katauni ka ku Scotland kufupi ndi Glasgow komwe David Livingstone anabadwira mu 1813, ndipo amishoni a Church of Scotland atafika kuno mu 1876 anatcha mishoni yawo dzina limenelo. Munthu akayankha limeneli wamva kukoma, wakhala pansi, sachokanso.

2. Pa yankho lililonse sakani khomo lotulukira

Apa ndiye pali ntchito yonse. Tengani kope ndi cholembera, osati foni, lembani yankho lija pakati pa tsamba ndiye muzidzifunsa kuti munthu ameneyu kapena malo amenewa akukhudzana ndi chani china. Chaka, mtsinje, dzina la munthu, ndalama, chilichonse chingakhale khomo.

Tiyeni tiyende limodzi muwone. Livingstone anamwalira mu 1873 m'mudzi wa mfumu Chitambo, komwe pano ndi ku Zambia, dera lotchedwa Ilala. Mtima wake anaukwirira komweko pansi pa mtengo, thupi lokha anyamata ake Susi ndi Chuma ndi anzawo analinyamula wapansi mpaka kugombe la nyanja ya mchere ku Bagamoyo, kukaikidwa ku Westminster Abbey ku London mu 1874. Pamenepa makomo alipo ambiri, mutha kupita ku London, mutha kupita ku Tanzania, koma khomo lokoma ndi Ilala, chifukwa aliyense wa kuno akamva Ilala akuganiza za sitima ya pa nyanja yathu. Ndiye funso lachitatu likhale lakuti sitima ya Ilala inapangidwa kuti. Yankho ndi ku Glasgow konkuja, anaibweretsa zidutswazidutswa kudzera ku Beira n'kudzailumikiza kuno, inayamba kuyenda mu 1951 ndipo njira yake ndi yochokera ku Monkey Bay kukafika ku Chilumba kudzera ku Likoma ndi ku Nkhata Bay.

Tafika pa nyanja tsopano. Funsani kuti ndi nkhondo iti ya dziko lonse yomwe kuwomberana kwa sitima kunachitikira pa nyanja ya Malawi itangoyamba kumene. Anthu amaseka poyamba kuyesa nthabwala, koma ndi zoona, ndi nkhondo yoyamba ya dziko lonse, mu Ogasiti 1914 sitima ya Angerezi yotchedwa Gwendolen inapita ku Sphinxhaven, komwe lero ndi ku Liuli mbali ya Tanzania, n'kukaombera sitima ya Majeremani ya Hermann von Wissmann ili pamtunda akuikonza. Mwezi wotsatira kunamenyedwa nkhondo ya pamtunda ku Karonga ndipo anthu akuda ambiri anafera pamenepo. Ndani analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo yomwe si yawo? John Chilembwe wa ku mishoni ya PIM ku Mbombwe ku Chiradzulu, pamphuno pathu pomwepa. Mwawona mmene tachokera ku Scotland n'kudzatulukira ku Mbombwe popanda kudumpha?

3. Tcherani misampha iwiri kapena itatu, osapitirira

Msampha ndi funso lomwe yankho lake likuwoneka lapafupi koma ndi labodza, ndipo ndi lomwe limadzutsa mkangano wokoma pa gulupu. Pa Chilembwe pali iwiri yabwino kwambiri. Woyamba, funsani tsiku lomwe kuwukira kwake kunayamba. Theka la anthu lithamangira 15 Januwale chifukwa ndi tsiku la holide, pomwe zinayamba usiku wa pa 23 Januwale 1915, iye n'kuphedwa pa 3 Febuluwale. Wachiwiri, funsani dzina la mzungu woyang'anira esiteti yemwe anaphedwa ku Magomero usiku umenewo. Mukati Livingstone wina adzuka kunena kuti adimini mwasokoneza, si anamwalira kale mu 1873 uja? Ayi, uyu anali William Jervis Livingstone, yemwe ankayang'anira esiteti ya A. L. Bruce.

Koma misampha ikachuluka anthu amayamba kukuwonani ngati mukufuna kuwapusitsa, amasiya kuyankha kuopa manyazi. Ndiye muziisiyanitsa, pakati pake pazikhala mafunso oti munthu apumireko.

4. Ikanipo funso loti munthu agwire chinthu m'manja

Ili ndi lomwe ana amalikonda. Kuchoka pa Chilembwe funsani kuti nkhope yake ili pa ndalama ziti, koma muwauze kuti asapise m'thumba mpaka onse atayankha. Mudzawona bambo wamkulu akutsinzina kuyesa kukumbukira ndalama yomwe wangopatsira kondakitala m'mawa womwewo. Ili pa K500 ndi pa K2000. Akatero muwalole atulutse, aliyense ayang'ane yake, ndiye funsani za mayi yekhayo yemwe ali pa ndalama zathu za pepala. Ndi Rose Chibambo pa K200, amene anamangidwa mu 1959 boma la atsamunda litalengeza za chipwirikiti pa 3 Malichi, tsiku lomwe timakumbukira anthu ofera dziko. Wina akakhala ndi K100 muwonjezerepo James Frederick Sangala, ambiri amamuwona tsiku ndi tsiku koma dzina sadziwa.

5. Unyolo ukayamba kulemera, khotetsani

Mbiri yokhayokha imatopetsa, mafana a mpira ayamba kuyasamula. Apa ndi pomwe kulumikiza kwa patalipatali kumaloledwa, bola khomo liwoneke. Pa 3 Malichi 1959 pomwepo Kamuzu Banda anamangidwanso, anakamutsekera kundende iti? Ku Gwelo, komwe pano amati Gweru, ku Zimbabwe. Ndiye mungoti, tikadali pa Zimbabwe pomwepo, ndani anamwetsa zigoli zonse ziwiri pomwe Flames inachinya Zimbabwe 2-1 ku Afcon ya ku Cameroon mu Januwale 2022? Mudzamva gulupu yonse ikudzuka, Gabadinho Mhango, ndipo musanafunse n'komwe wina ayamba kale kufotokoza chigoli cha patali chija chomwe anamwetsa Morocco ngakhale tinatuluka 2-1. Msiyeni afotokoze. Akamaliza funsani kuti Flames inapitako kangati ku Afcon chisanafike chaka chimenecho, yankho ndi kawiri, 1984 ndi 2010 ku Angola komwe tinakwapula Algeria 3-0.

Kunena zoona kulumikiza kwa Gweru ndi Gabadinho ndi kopyapyala, ndipo wina wokonda kutsutsa anena zimenezo. Palibe vuto, kamodzi kokha pa unyolo wonse n'kololedwa. Chomwe sindigwirizana nacho ndi kulumikiza kwa ulesi kwa mtundu wa "onse awiri ndi amuna" kapena "onse ali mu Africa", kumeneko ndiye kubwerera ku mafunso osadziwana aja.

6. Tsimikizani yankho lililonse musanaponye

Zomwe zimabwera pa WhatsApp zolembedwa kuti "kodi mukudziwa" musazitenge momwemo, zambiri ndi zabodza zomwe zangoyenda nthawi yaitali, monga ija yakuti khoma la ku China limawoneka munthu ali kumwezi. Chilichonse chiwoneni malo awiri osiyana, buku la sukulu la mbiri likadalipo pakhomo ndi labwino kuposa sitetasi ya munthu. Pewaninso mafunso omwe yankho lake limasintha kapena akatswiri omwe sagwirizana, monga chiwerengero cha anthu mu Ndirande kapena kuti m'nyanja ya Malawi muli mitundu ingati yeniyeni ya nsomba. Funsani m'malo mwake chaka chomwe likulu linachoka ku Zomba kupita ku Lilongwe, 1975, palibe amene akangane nanu. Lembaninso pambali pa yankho chiganizo chimodzi chofotokoza, chifukwa chiganizo chimenecho ndi chomwe muwerenge polowera funso lotsatira.

7. Tsiku lake likafika

Mafunso 12 mpaka 15 akwana, kuposa apo bandulo ya anthu itha. Pa gulupu gwirizanani ola lake, ponyani funso limodzi nthawi imodzi ndipo perekani masekondi 30 okha, apo ayi wopambana akhala yemwe ali ndi netiweki yothamanga pa Google. Ena amafunsa pa voisi noti kuti munthu asakope funso n'kukalimata kwina, zimathandiza ndithu. Pakhonde kapena kuholo agaweni magulu a anthu atatu kapena anayi, mafoni onse m'mbale imodzi pakati, ndipo agogo asakhale gulu limodzi ndi aphunzitsi chifukwa enawo sadzawona mapointi. Mphoto isakhale yaikulu, mayunitsi a K1000 kapena mbale ya chipisi basi, ikakula anthu amayamba kukwiya zenizeni.

Sabata yotsatira musakhalenso inu wofunsa. Wopambana ndi amene aluke unyolo wina, ndipo mumupatse poyambira pokha. Mpopi wa madzi ndi poyambira pabwino, madzi ambiri a mu Blantyre amapopedwa ku Walker's Ferry pa Shire, Shire yomweyo ndi yomwe imatembenuza makina a magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo Kapichira inawonongeka ndi namondwe Ana mu Januwale 2022, mathithi ake ndi omwenso anatsekereza sitima ya Livingstone mu 1859. Wokonda zakumwa mumupatse botolo la Carlsberg, fakitale ya kuno inatsegulidwa mu 1968 ndipo inali yoyamba ya kampaniyo kunja kwa Denmark, Denmark yomwe inatenga chikho cha Euro mu 1992. Wa tiyi ayambire pa kapu yake, apite ku Mulanje, akwere Sapitwa mamita 3,002, adumphire pa Kilimanjaro mamita 5,895, ndiye atchere msampha wa likulu la Tanzania, awone kuti ndi angati ati Dar es Salaam m'malo mwa Dodoma.