Kuchoka pa NMT Kukhala Registered Nurse: Zoyenera Kukonza

Namwino amene anamaliza dipuloma ya zaka 3 ya Nurse Midwife Technician (NMT) m'makoleji a CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, monga Nkhoma, Ekwendeni, Mulanje Mission kapena St Luke's akhoza kukwera n'kukhala Registered Nurse Midwife. Ambiri amakodwa pa mapepala asanafike n'komwe m'kalasi.

Yambani ndi satifiketi yanu ya MSCE. Mapulogalamu a digiri, monga a ku Kamuzu University of Health Sciences ndi Mzuzu University, kawirikawiri amafuna makirediti 6, kuphatikizapo Chingerezi, Masamu, Biology, Physics ndi Chemistry, kapena Physical Science kwa amene analemba silabasi yakale. Kirediti imathera pa mapointi 6. Mukapeza 7 kapena 8 mwangokhoza basi, ndipo zaka zimene mwagwira m'wodi sizingafafanize nambala imeneyo. Ngati Masamu anakugwetsani, lembetsani ku MANEB mulembenso chaka chimodzi musanapemphe malo. Werengani bwino chilengezo, chifukwa sukulu zina zimayang'ananso kuti makirediti amenewa munawapeza mutalemba kangati.

Laisensi yanu ya ku Nurses and Midwives Council of Malawi (Khonsolo ya anamwino) ikhale yogwira ntchito, ndalama zapachaka zolipiridwa, mapointi a CPD (maphunziro opitiriza muli pantchito) okwanira. Mudzafunikanso transcript (kalata yoonetsa mmene munakhozera) yochokera ku koleji yanu, ndipo imachedwa kutuluka, choncho ipempheni msanga. Kalata ya abwana yotsimikizira zaka zimene mwagwira ikhalepo. Sukulu zambiri zimafuna kuti mukhale mutagwira ntchito zaka 2.

Pali njira ya dipuloma yokwezera, imene Malawi College of Health Sciences yakhala ikuphunzitsa, ndiye palinso ya digiri. Ya dipuloma ndi yaifupi. Koma amene akulinga zodzaphunzitsa kapena kudzachita masters, digiri ndiyo imuyenera. Musanalipire tambala iliyonse, funsani ku Khonsolo ya anamwino ngati pulogalamuyo inavomerezedwa, ndiponso ku NCHE, bungwe loyang'anira sukulu za ukachenjede, ngati sukuluyo ndi yovomerezeka. Pulogalamu yosavomerezedwa imakupatsani pepala, koma simungaloledwe kulemba mayeso a laisensi.

Nkhani ya tchuthi cha maphunziro ndiyo imapweteketsa anthu ambiri. Kalata yokuitanani kusukulu si chilolezo chochokera pantchito. Ngati mumagwira m'boma, pempho lanu lidutse kwa metroni ndi akuluakulu a zaumoyo a m'boma lanu, ndipo mudikire yankho lolembedwa. Wonyamuka pongomva "pitani, tikonza" amatengedwa ngati wothawa ntchito, malipiro n'kuimitsidwa ali pakati pa semesita. Wolipiriridwa fizi ndi boma kapena mishoni amasainira kuti adzagwira kumeneko zaka zakutizakuti akamaliza. Muwerenge ndime yonena zimene zingachitike mukachoka nthawiyo isanakwane.

Kusukulu, ntchito za manja sizidzakuvutani. Zimene zimavuta anamwino azaka zambiri pantchito ndi kafukufuku, kulemba ma assignment pa kompyuta, ndi kufotokoza chifukwa chimene mukuchitira chinthu chimene manja anazolowera kale. Bukhu la ma procedure lisainidwe tsiku lomwelo mwachita ntchitoyo, pakuti wokuyang'anirani akasamutsidwa mudzasowa wosaina.

Mukamaliza, mulemba mayeso a Khonsolo kuti mulembetsedwe ngati Registered Nurse Midwife. Giredi yapantchito siikwera yokha: pitani ndi makope a satifiketi ndi laisensi yatsopano ku ofesi ya HR, kenako muzitchera khutu akalengeza malo ndi ma intavyu okwezera anthu.