Kulemba mamailosi ndi zogula za msonkho kwa olera ana ku Britain

Mwafunsa kuti, popeza mumadzilemba nokha ntchito yolera ana a anthu pakhomo panu ku Britain, mungasunge bwanji maulendo ndi zogula kuti HMRC, bungwe lotolera misonkho ku Britain, izivomere.

Yambani ndi kabuku kokhala m'galimoto momwemo. Ulendo uliwonse wa ntchito, kaya kukatenga ana kusukulu kapena kupita nawo ku paki, lembani tsiku, kochokera, kopita, chifukwa chake ndi mamailosi. Chonde lembani tsiku lomwelo, chifukwa zoyesa kukumbukira mu Januwale zimasokonekera. Ulendo woperekeza ana anu okha usalowemo.

Kenako werengetsani. M'chaka cha msonkho cha 2024/25, HMRC inkalola 45p (mapeni 45) pa mailosi iliyonse kufika mamailosi 10,000, kupitirira apo 25p. Choncho mamailosi 2,000 ndi £900 yochotsa pa phindu lanu. Onani mlingo wa chaka chanu pa GOV.UK, tsamba la boma la pa intaneti. Apa ndi pomwe ambiri amaphonya: mukasankha njirayi, petulo, inshuwalansi ya galimoto ndi kukonzetsa zili kale m'katimo, musaziwerengenso. Yolipira poimika galimoto ndiyo mumaonjezera padera.

Malisiti a chakudya cha ana, zidole, matewera, maphunziro ndi ndalama zolembetsera ku Ofsted (bungwe loyendera olera ana ku England), ajambuleni ndi foni, poti inki yake imafufutika msanga. Pa magetsi ndi gasi mumachotsa gawo chabe, malinga ndi maola amene mumagwira.

Chaka cha msonkho chimayamba pa 6 Epulo n'kutha pa 5 Epulo. Chakacho chikatha, tumizani Self Assessment (fomu yofotokoza ndalama zanu ku HMRC) pa intaneti pofika 31 Januwale wotsatira, ndipo zolembazo muzisunge zaka 5 kuchokera tsikulo.