Mmene mungafufuzire mbiri ya destroyer imene anaisandutsa frigate

Destroyer ndi frigate ndi mitundu ya sitima zankhondo zapamadzi. Chinthu choyamba, osadalira dzina la sitima lokha. Asilikali apamadzi aku Britain amabwereza maina kwambiri, ndiye mukangolemba HMS Undaunted pa intaneti zikutulukirani sitima zambirimbiri, ina yamatanga, ina sabumarini imene inasowa mu 1941. Onjezerani chaka chomwe anaiika m'madzi. Imene ndikupereka ngati chitsanzoyi ndi ya 1943, inamangidwa ndi a Cammell Laird ku Birkenhead.

Kenako nambala yolembedwa m'mbali mwa sitima ija, apa ndi pomwe ambiri amasokera chifukwa akaisintha sitima amasinthanso nambala, Undaunted pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse inali R53 koma itakhala frigate inasanduka F53, iyi bola ndi yosavuta, koma Troubridge inachoka pa R00 kupita pa F09, Relentless H85 kupita F185, moti munthu utha kuganiza kuti ndi sitima ziwiri pomwe ndi imodzi yomweyo. Lembani manambala onse awiri pamwamba pa pepala musanayambe china chilichonse.

Za nthawi ya nkhondo, ma log a sitima, mabuku olembamo zochitika za tsiku ndi tsiku, amasungidwa ku National Archives ku Kew, ku London, m'gulu la mafailo lotchedwa ADM 53, koma a ma destroyer a zaka zimenezo ambiri sanasungidwe, zomvetsa chisoni ndithu. Ndiye pitani ku ma Pink List a ADM 187 amene amanena komwe sitima iliyonse inali, muphatikize ndi malipoti a mu ADM 199. Onaninso mbiri za sitima zina zomwe inkayenda nazo. Mwachitsanzo pa 7 June 1944 sitima ya HMS Apollo itatitimira mumchenga ku Normandy, ku France, Undaunted ndi imene inanyamula Eisenhower, mkulu wa asilikali amene anali mu Apollo yo, kubwerera naye ku England, ndiye nkhaniyi muipeza mbali zonse ziwiri.

Gawo la kusandutsali ndi lomwe ine ndimalikonda, osalidumpha. Nkhondo itatha a Soviet Union anayamba kumanga masabumarini othamanga kwambiri pansi pa madzi, ma frigate akale samatha kuwapirikitsa, pomwe ma destroyer anali ndi liwiro koma ali phee pa doko. Ndiye a Britain anatenga ma destroyer 23 nkuwasandutsa ma frigate a mtundu wa Type 15, kuyambira ndi Rocket ndi Relentless. Ikani zithunzi ziwiri pafupi, cha 1944 ndi cha pambuyo pake, za ku Imperial War Museum ndi zabwino. Muona mizinga ya 4.7 inchi yachotsedwa, deki yakutsogolo yatalikitsidwa mpaka cha kumbuyo, malo a kaputeni atsekedwa, ndipo kumbuyo aikako Squid kapena Limbo zoponyera mabomba m'madzi. Ngati sitimayo ikuonekabe ngati destroyer, fufuzani bwino, mwina ndi Type 16, imeneyo anangoisintha pang'ono kuti asaononge ndalama zambiri.

Mathero ake nawonso muwatsimikize, osangolemba kuti inaphwasulidwa. Undaunted anaimiza dala mu 1978 poyesera zida, inalasidwa ndi mzinga wa Exocet kenako topido ya Tigerfish.