Kukumbutsa ngongole mophiphiritsa

Kuphiphiritsa ndi kunena nkhani mobisa pang'ono, mwini wake aitole yekha. Kumathandiza kwambiri ngati wokukongolani ndi wamkulu, monga malume kapena apongozi. Musawalase ndi "ndalama zanga zija". Mukapatsana moni, ingonenani kuti, "Malume, mvula yayandikira koma feteleza sindinagule." Kenako khalani chete. Ambiri amalakwitsa apa, amapitiriza kulongosola mpaka ulemu wonse kutha.

Chitani zimenezi muli awiri. Pagulu, kapena pa status ya WhatsApp, kumeneko ndi kunyogodola, ndipo ndalamazo mungaziiwale.

Mukaphiphiritsa kawiri iwo n'kumangoyankha za mvula, amva ndithu. Tumani wachibale amene amamumvera akawauze mosapita m'mbali.